Malimu Asanu ndi Atatu a Wendell Stuckey

M'tauni mwathu muno ku Indiana, chitseko chako chikapendekeka sufunika kugula choyezera ayi. Umangoitana a Wendell Stuckey kuti adzamwe khofi, ndipo asanakhale n'komwe pansi akhala atakuuza kale kuti chapendekera kumanzere, ndiponso kuti amene anachiika ankafulumira kuweruka. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu bamboyu anagwira ntchito pa fakitale ya magiya a galimoto, ntchito yake imodzi yokha: kuyeza zitsulo zimene anzawo apanga n'kunena kuti ichi chipite, ichi chibwerere. Anthu a ntchito yotere sakondedwa kwenikweni, koma mawu awo satsutsidwa. Ngakhale atapuma pantchito, kachitsulo kawo koyezera sikanachoke m'thumba la malaya, momwe anzawo amaikamo cholembera. Pa chakudya cha kutchalitchi amayi akamadula keke ankakodolana kuti, "Dulani msanga, akubwera a Wendell, atiyeza."

Akazi awo, a Glenda, ndi mayi wofatsa amene wakhala akuimba limba kutchalitchi kuyambira tonsefe tili ndi tsitsi lakuda. Pamsewu amayenda ngati anyamula mazira, mpaka am'mbuyo kutopa n'kuliza hutala. Mwana wawo ndi mmodzi, Shawna, namwino pa nyumba yosamalira okalamba m'tauni yoyandikana nayo.

Chinthu chimene a Wendell ankachiopa pa moyo wawo chinali chimodzi. Bambo awo, malemu Orval, anali kalipentala wa diso lakuthwa. Atafika zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi anayamba kudula matabwa mofupikitsa, kenako kuika nsapato mufiriji, pomaliza ankafunsa mwana wawo yemwe kuti, "Achimwene, mukufuna ndani pano?" Amene anawalanda makiyi a galimoto anali a Wendell. Mkuluyo sanakalipe tsiku limenelo, anangokhala n'kumayang'ana m'manja mwake mopanda kanthu. Chaka chino a Wendell anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zitatu, ndipo munthu wozolowera kuyeza sakanalephera kuona kuti kwatsala chaka chimodzi.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli galaja ya matabwa, ndipo mmenemo munagona Dodge Dart yobiriwira ya 1969, ya injini yaikulu ija yogwedeza mawindo a anthu. Anaigula yogwiritsidwa kale ntchito mu 1972, ndipo anafunsira a Glenda ali m'galimoto yomweyo. Pa unyamata wawo anapita nayo kangapo ku bwalo la mipikisano kuseri kwa minda ya chimanga, komwe magalimoto awiri amathamanga mtunda waufupi wowongoka, wina n'kukupatsa kapepala kosonyeza masekondi ako. Koma mu 1981, Shawna atabadwa, a Glenda anaumirira kuti chigalimoto chimenechi si chonyamulira khanda. Anaumirira mwachilendo ndithu, munthu wosakonda mikangano. A Wendell sanavute, pajatu miyezi yomalizayo galimotoyo inali itayamba kaulesi kena kosadziwika mutu wake. Anaifunditsa lona n'kunena kuti adzaiona chaka chamawa.

Chaka chamawa chimenecho chinatenga zaka makumi anayi ndi zitatu. Paja Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Nyengo yozizira itatha chaka chino, a Wendell anavundukula lona uja. Mwezi wa Ogasiti uliwonse magalimoto akale amazungulira bwalo la pakati pa tauni, anthu atakhala pa mipando yopinda akudya chimanga chowiritsa, ndipo iwo anatsimikiza mtima kuti chaka chino Dart idzakhala pamzere. Malimu akale a matayala ake, obisika m'zivindikiro zonyezimira, anali atadyeka dzimbiri. Anafuna atsopano, a miyendo isanu aja amene ankawasirira ali mnyamata wopanda ndalama.

Musaganize kuti anachita mwachibwana. Sabata yathunthu anakhala akuyeza kuya kwa limu, chifukwa likalowa kwambiri m'kati tayala limakhula sipuling'i, likatuluka kwambiri kunja limadya madigadi. Anadula katoni n'kupanga tayala labodza, n'kumalizungulitsa pansi pa madigadi ngati munthu wosowa chochita. Chimene sanayeze n'chimodzi. Mabawuti asanu amene limu limalowamo amaima mozungulira, ndipo kukula kwa bwalo lawo kumasiyana: magalimoto ambiri a kampani imeneyi ndi mainchesi anayi ndi theka, koma ang'onoang'ono akalewa ndi mainchesi anayi. Zimenezi a Wendell ankazidziwa ngati tsiku lawo lobadwa.

"Bambo, mabawuti mwayeza?" anafunsa mayi wogulitsa malimu pa foni.

"Mayi, galimoto imeneyi ndinaigula inu musanabadwe. Mabawuti asanu, mainchesi anayi."

"Ndikufunsa chifukwa awa timachita kukupangirani. Akatuluka muno sabwerera."

"Lembani anayi," anatero a Wendell, n'kuika foni pansi mokhumudwa ngati wina wawafunsa ngati amatha kumanga nsapato.

Makatoni anayi anafika Loweruka, ndipo mwatsoka Shawna anali atabwera kudzacheza. Galimoto inali italowa m'galaja ndi mphuno, kotero kumbuyo n'kumene kunali pakhomo, powala. A Wendell anaika jeke ku tayala lakumbuyo la kumanzere, natenga sipanala, n'kuyamba kuphunzitsa.

"Taona, iwe. Magalimoto akalewa ali ndi mwambo wawo. Mbali ya kumanja manati amamasuka ngati a galimoto ina iliyonse. Koma mbali ino ya kumanzere amamasuka chobwerera, umapotoza ngati ukumanga. Amakanika a masiku ano athyola mabawuti ambirimbiri chifukwa cha umbuli."

"Ndamva, aphunzitsi," anatero Shawna akuseka.

Anakoka. Nati inakana. Anati ndi dzimbiri, nathira mafuta, nakokanso. Inakanabe. Anatenga chipaipi n'kuchilowetsa ku sipanala, n'kutsamirapo thupi lonse. Thyo! Bawuti linaduka, nati inagubuduzika mpaka pa phazi la Shawna.



"Adadi," anatero Shawna pang'onopang'ono, "bwanji muyesere mbali inayo?"

Anayesa ngati pa galimoto wamba. Nati yachiwiri inamasuka mosavuta, yachitatu, yachinayi, yachisanu, zonse ngati zikuwaseka. A Wendell anayang'ana nsonga za mabawutiwo. Iwo ankakumbuka bwino lomwe kuti mabawuti omasuka chobwerera amakhala ndi kachizindikiro ka L kunsonga. Panalibe kanthu.

Anapukuta manja, natulutsa limu latsopano m'katoni, lonyezimira mpaka kuthobwa m'maso. Analikweza. Bawuti limodzi likaloza pabowo, enawo akuphonya. Analitembenuza, zomwezo. Anatembenuza kasanu, mabowo onse kuwayesa, limu losalowa. Apa ndi pamene anatulutsa choyezera chawo. Mabawuti akakhala asanu umayambira pakati pa limodzi, kudumpha lotsatira, n'kukathera kunja kwa lachitatu. Anayeza katatu, ndipo katatu konse chinawauza kuti mainchesi anayi ndi theka. Analemba pa kakhadi, n'kukaika m'thumba.

"Zimachitika, Adadi," anatero Shawna n'kuwagwira paphewa.

Koma mawu amenewo! Anawanena ndi liwu lofewa lija limene amalankhulira kuntchito kwake, kwa nkhalamba zimene zaiwala kumene kuli chimbudzi. A Wendell analizindikira liwulo, chifukwa iwonso analigwiritsapo ntchito kwa bambo awo.

Masabata otsatirawo mutu wa a Wendell unali pa ntchito yosalipidwa. Kodi ya mainchesi anayi inali galimoto ya mnzawo wina? Kodi za manati obwerera anachita kuziwerenga penapake n'kuziika pa galimoto yawo? Nanga akukumbukiranji dzanja lawo lomwe likumasula chobwerera m'mbali mwa msewu, tsiku lina mvula ikugwa, a Glenda atawagwirira ambulera? Kapena tsikulo silinakhaleko? Akamameta ndevu ankadziyesa mayeso: mayina a aphunzitsi awo onse a ku pulayimale, nambala ya foni ya nyumba imene anakuliramo, makulidwe a giya iliyonse ya ku fakitale. Zonse zinkabwera. Ndiye tsiku lina anafunafuna magalasi awo nyumba yonse, ali pamphumi, ndipo a Glenda sanaseke. Zaka zonsezi akanaseka, koma ulendo uno anangowalozera n'kulowa kukhitchini msanga.

Akanapita kumalo omwera khofi kumene amuna a magalimoto akale amasonkhana Lachiwiri m'mawa, mwina wina akanawatsegula m'maso. Koma akanakayamba bwanji? Wendell Stuckey, munthu amene anabwezetsa zitsulo za theka la amuna amenewo, akanene kuti wagula malimu osalowa? Anasiya n'kupitako komwe. Zoti ayeze matayala enawo sizinawabwerere n'komwe. Galimoto ili ngati tebulo, ukayeza mwendo umodzi wayeza yonse, ndipo limenelo ndi lamulo limene sanaonepo likuphwanyidwa.

Anaitanitsa malimu ena anayi, a mainchesi anayi ndi theka. Mayi wa pa foni uja anawazindikira liwu, koma anali wakhalidwe, sananene kanthu.

Shawna anamva za malimu achiwiriwo kwa amayi ake, ndipo anabwera pakati pa sabata, akadali mu yunifolomu.

"Adadi, ndikufuna tikaonane ndi dokotala. Sikuti pali chinachake ayi, kungoti tidziwe."

"Dokotala wa chiyani? Ndathyoka mwendo?"

"Musandizembe. Ndimawaona tsiku ndi tsiku anthu amenewa. Zimayamba ndi zinthu zimene munthu amazidziwa kwambiri. Ndipo mukuyendetsabe galimoto, mukunyamula Amayi."

"Ndiye wabwerera makiyi, eti?"

"Sindinatero."

"Watero ndi maso. Maso amenewo ndikuwadziwa, anali anga." Anaima, namenya patebulo pang'ono, makapu n'kulira. "Tamvera. Ulendo uja ndinadalira mutu, chabwino, mutu unandinamiza. Ulendo uno ndayeza ndi manja angawa. Malimu akubwerawa akapanda kulowa, makiyi onse udzatenge, a pikapu ndi a Dart yomwe, ndipo kwa dokotala wakoyo ndidzapita ndekha wapansi."

"Wendell, musalumbire choncho," anatero a Glenda.

"Ndalumbira kale."

Podikira malimuwo anagwira ntchito pa injini ngati munthu wothawa maganizo. Anatsuka thanki, nasintha mapaipi, naika batire latsopano, ndipo tsiku lina masana Dart inakhosomola, n'kubangula. Agalu a mumsewu monse anayankha. A Glenda anali akuyanika zovala, ndipo a Wendell anawaona ataima chilili, malaya onyowa ali m'manja akudonthera pa nsapato zawo, nkhope itasintha mwa mtundu wina umene iwo sanaumvetse. Anaganiza kuti ndi phokoso lawasokoneza. Anaitulutsa galimotoyo, naitsuka, naibwezera m'galaja chafutambuyo. Tsopano mphuno ndi imene inali pakhomo.

Makatoni ena anayi anafika Lachisanu. A Wendell sanawatsegule. Anadikira Lamulungu masana, Shawna atabwera, kuti pasadzakhale zonena kuti anachita mobisa. A Glenda anabwera ndi mpando wopinda, akadali m'zovala za kutchalitchi, n'kukhala pakhomo pa galaja.

Anaika jeke ku tayala limene linali pafupi, lakutsogolo la kumanzere. Anagwira sipanala, ndipo dzanja linafuna lokha kupotoza chobwerera. Analiletsa. Iwe dzanja, anatero mumtima, unandichititsa manyazi kale, lero umvera ine. Anapotoza ngati pa galimoto wamba. Nati inakana. Thukuta linayamba. Anatenga chipaipi chija.

Thyo!

A Wendell anatola chidutswacho pansi n'kuchipukuta ndi chala. Kunsonga kwake, pansi pa dzimbiri, kunali ka L koonekera bwinobwino.

Manati anayi otsalawo anawamasula chobwerera, onse n'kumvera. Anakweza limu latsopano, ndipo bawuti limodzi likaloza pabowo, enawo akuphonya. Anatembenuza kasanu. Anatulutsa choyezera, pakati pa limodzi, kudumpha lotsatira, kunja kwa lachitatu. Mainchesi anayi. Anayezanso. Anayi. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kakhadi kaja, ndipo pamenepo, m'zilembo zawo zomwe zoongoka zija, panalembedwa anayi ndi theka.

Anakhala pansi pa katoni. Kumanja kwawo malimu anayi a mainchesi anayi, amene anakana kulowa. Kumanzere malimu anayi a mainchesi anayi ndi theka, amenenso akana. Manati akawapotoza chobwerera akuthyoka, akawapotoza bwino akuthyokanso. Pamenepo a Wendell anachita mantha enieni, chifukwa kuiwala ankakuyembekezera, koma sanaganizepo kuti tsiku lina adzayang'ana choyezera n'kuwerenga zimene palibe. Kodi bambo awo ankamva chonchi, thabwa lililonse likamatuluka lalifupi, iwo akulumbira kuti ayeza bwino?

Anaimirira, natulutsa makiyi m'thumba. Anali pa mphete imodzi, ya pikapu ndi ya Dart.

"Tenga, mwana wanga."

"Adadi, siziyenera kukhala lero."

"Tenga. Ine ndinalanda, sindikufuna iwe udzalande. Zimapweteka wolandayo." Anamuika m'manja n'kumupinda zala. Shawna anayamba kulira, ndipo a Glenda nawo anali akupukuta m'maso ndi kampango.

A Wendell anabwerera pa katoni paja n'kumalankhula motsitsa, ngati akupereka lipoti la chitsulo cholakwika. "Ukamuuze dokotalayo zonse monga zilili. Tsiku loyamba ndinayeza kumbuyo, ndinapeza anayi ndi theka, manati omasuka bwino. Lero ndayeza kutsogolo, ndapeza anayi, manati obwerera. Galimoto imodzi singakhale ndi zonse ziwiri. Ndiye cholakwika chili muno." Anadzigogoda pamutu.

A Glenda anatsitsa kampango kaja.

"Mwati tsiku lija munali kumbuyo?"

"Kumbuyo."

"Lero kutsogolo."

"Glenda, mwaona nokha."

"Ndikufunsa, Wendell. Chitsulo chachikulu chakumbuyo chija, chogwira matayala onse awiri..."

"Difu."

"Difu imeneyo. Mabawutiwa amakhala kumeneko? Ndiye kuti munthu atachotsa yonse n'kuikapo ya galimoto ina, mabawuti angasinthe?"

"Angasinthe, inde. Koma ndani angachite zimenezo? Galimoto iyi sinachokepo m'manja mwanga."

"Mayo ine," anatero a Glenda, n'kugwira pakamwa. "Mayo, Ambuye, ndikhululukireni. Ine ndimayesa malimu ndi malimu basi."

Kenako anatembenukira kwa amuna awo.

"Mukukumbuka chaka cha 1980, a ku fakitale atakutumizani kukaika makina ku Tennessee? Masabata asanu ndi limodzi aja?"

"Ndikukumbuka. Kapena ndikuganiza kuti ndikukumbuka."

"Munandisiyira makiyi kuti ndizingoiliza injini kamodzi pa sabata. Ndinailiza. Ndiye ndinati ndingofika nayo pa golosale. Pobwera, pa msewu wa kumunda uja, ndinangoponda pang'ono kuti ndione." Anayang'ana Dart ija. "Wendell, palibe anandiuzapo kuti zimakoma choncho."

"Amayi!" anatero Shawna.

"Lachitatu lotsatira ndinawauza a kwaya kuti mutu ukundipweteka, ndinapita ku bwalo la mipikisano. Mchimwene wanga Dewey ndi amene anandilembetsa, pa dzina lake, ine n'kubisa tsitsi m'chipewa. Ndinapita Lachitatu linalo, ndi linalo. Ulendo wachinayi ndinaponda moto kwambiri ponyamuka, kumbuyo kunangoti gu! Galimoto osasuntha. Dewey anaikoka, anakapeza difu ina kwa ophwasula magalimoto, pamodzi ndi malimu ake, n'kubwezerapo zivindikiro zanu. Anati ndi ya Dart yomweyo, yatsopanoko pang'ono, simudzazindikira."

"Dewey," anatero a Wendell. Mlamu wawoyo anamwalira zaka khumi zapitazo, ndipo a Wendell ananyamula nawo bokosi lake. "Dewey amene ankalephera kupachika chithunzi mowongoka uja?"

Sanadikire yankho. Anatenga tochi ndi burashi ya waya yopalira dzimbiri, nagona chagada pa katoni, n'kudzikoka mpaka pansi pa galimoto kumbuyo. Amayi awiriwo anangomva kupala, kwe kwe kwe, fumbi lofiira likutuluka. Kenako kupala kunasiya. Pa chitsulo paja panaoneka penti yachikasu ya ophwasula magalimoto, yozilala koma yowerengeka: 74. Difu ya galimoto ya 1974, chaka chimene mabawuti anali atakula kale kufika anayi ndi theka, ndipo za manati obwerera zinali zitatha.

Anatuluka nkhope yonse ili dzimbiri. Sanayang'ane munthu. Anapita ku makatoni oyamba aja, natenga limu la mainchesi anayi, nalikweza kutsogolo. Linangoti tswii, kulowa ngati linabadwira pomwepo. Anasamutsa jeke, nachotsa tayala lakumbuyo, natenga limu la m'makatoni achiwiri. Linalowanso. Anakhala pansi pa simenti, nsana atatsamira chitseko cha galimoto, ndipo munthu amene tauni yonse sinamuonepo akulira, ngakhale pa maliro a bambo ake, analira mokweza ngati mwana.

"Ndiye kuti ndinayeza bwino," ankangobwereza. "Kawiri konse ndinayeza bwino. Ndi mvula ija inagwadi."

"Inagwa, Wendell. Ambulera inali yofiira."

Atapuma anadzipukuta ndi malaya, dzimbiri n'kufalikira mpaka m'makutu, ndipo mkwiyo unabwera mochedwa ngati basi ya kumudzi.

"Masabata asanu ndi awiri, Glenda! Masabata asanu ndi awiri ndakhala ndikudziika m'manda ndekha, inu muli phee, kumandilozera magalasi!"

"Nanga ine ndimadziwa za mabawuti? Inenso ndimalira kubafa, kuyesa mwayamba za bambo anu!"

"Ndi kaulesi kaja! Miyezi isanu ndi umodzi ndinavutika ndi injini yosalakwa, kumasula, kubwezera, osadziwa kuti magiya akumbuyo ndi a galimoto ya agogo opita kumsika! Ndiye n'chifukwa chake munaumirira kuti ifunditsidwe lona? Kuopa kuti ndingakugwireni?"

"Poyamba, inde." A Glenda anayang'ana pansi, kenako anawayang'ana m'maso. "Koma kwenikweni ndinkadziopa ndekha. Ndinali ndi khanda m'manja, ndipo nthawi iliyonse mukailiza panjapo, phazi langa linkayabwa. Ndinadziwa kuti ikakhala pamsewu ndidzabwererako. Mukuganiza kuti ndimayenda pang'onopang'ono chifukwa choopa msewu?"

A Wendell anawayang'anitsitsa akazi awo. Galimoto anali ataimvetsa tsopano, mbali zonse zinayi. Koma mayi wovala diresi la maluwa uyu, amene agona naye chipinda chimodzi zaka makumi asanu, amene amadziwa kuti chala chake cha mphete n'chachikulu bwanji, ameneyu analibe pomuyambira kuyeza. Shawna anali ataima pakati pawo, makiyi ali m'manja, akuyang'ana uku ndi uku ngati walowa nyumba ya eni.

"Adadi," anatero potsiriza, "awa ndi anu. Pepani."

A Wendell analandira makiyiwo n'kuwafumbata mwamphamvu mpaka kuwapweteka m'manja. Koma chizolowezi ndi chizolowezi.

"Masekondi angati?"

"Chiyani?"

"Kubwalo kuja. Amapereka kapepala. Munapanga masekondi angati?"

A Glenda anatsegula chikwama chawo cha kutchalitchi, natulutsa buku lawo la nyimbo lakale lija lomatidwa ndi tepi, limene limakhala pa limba Lamulungu lililonse, mpingo wonse ukuliona. Kuseri kwa chikuto chake anasololako kapepala kachikasu, kopyapyala ngati tsamba louma. A Wendell anatsitsa magalasi kuchoka pamphumi n'kuwerenga. Panalembedwa 14.21. Iwo, pa unyamata wawo wonse, ndi galimoto yomweyo, pa bwalo lomwelo, sanatsikepo pa 14.60.

Anawerenga kawiri, poti tsopano maso awo ankawakhulupirira. Kenako anatulutsa kiyi ya Dart pa mphete paja, chikhadabo chikuvutika ndi waya wolimbawo, ya pikapu n'kuibwezera m'thumba.

"Mabawuti awiri othyokawa ndisintha mawa," anatero, akuika kiyiyo pa buku la nyimbo lija. "Mu Ogasiti muno ine ndidzakhala mbali inayo, mudzayendetse ndinu. Ndikufuna ndidzaone ndi maso anga."